Malipiro a Makina Ongodikira

Ukatsika phiri kuchokera ku Dedza podzera msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere, makona akatha ndipo chisanu cha kumtunda chikasanduka chifundizi cha kuchigwa, umafika pa Golomoti, m'dera la Inkosi Kachindamoto. Pamenepo pali malo opangira magetsi a dzuwa amene makampani a JCM Power ndi InfraCo Africa anamanga, ndipo anayamba kupereka mphamvu kwa ESCOM mu 2022. Maso a aliyense amathamangira ku mizere ya magalasi a sola, amene dzuwa likaswa mtengo amatulutsa mamegawati 20. Koma chanzeru kwambiri pamalopa chili pambali, m'makontena otsekedwa bwino: mabatire otha kutulutsa mamegawati 5 kwa maola awiri.

Mabatirewo sapanga magetsi ngakhale yuniti imodzi. Amangosunga ena mwa magetsi a masana n'kudzawabweza, ndipo amabweza operewera pang'ono chifukwa gawo lina limatayika potentha. Wowerengera phindu pa mayunitsi okha angati kumeneko kunali kutaya ndalama. Komatu phindu lawo lagona pena: alipo, ndi odzaza, ndipo akaitanidwa amayankha sekondi isanathe. Nanga kukhala chire koteroko kumalipidwa bwanji? Funsoli lazunguza mitu ya akatswiri a magetsi kwa zaka zoposa 70, ndipo kulemba lamulo loliyankha ndi luso lapalokha. Amisiri ake sakwera mapolo, sagwira nthambo. Zida zawo ndi masamu ndi ziganizo za m'mgwirizano, koma chiganizo chimodzi akachilemba mokhota, dziko limagona mumdima kapena limalipira ndalama zankhaninkhani pachabe.

Ife ogula tinazolowera njira imodzi. Umatumiza ndalama pa foni, umalandira manambala 20, umawabaya pa mita, mayunitsi n'kulowa. Walipira zimene ugwiritse ntchito, basi. Kumsika wopikulitsa, kumene ESCOM imagula mphamvu kwa EGENCO ndi makampani ena, njira imeneyi payokha siingakwanire, chifukwa magetsi amayenera kupangidwa pa mphindi yomweyo imene akufunika. Nthambo zonse za dziko lino zimayenda pa kugunda kumodzi, maulendo 50 pa sekondi. Ogwiritsa ntchito akachuluka kuposa zimene makina akupanga, kugundako kumatsika. Kukatsika kwambiri, makina amadzizimitsa okha podziteteza, ndipo dziko lonse limatha kuthima nthawi imodzi, monga zachitikira kangapo kuno kwathu. Ogwira ntchito m'chipinda choyang'anira nthambo ku Blantyre amakhalira kuteteza nambala ya 50 imeneyi usana ndi usiku.

Nthawi yawo yovuta ndi madzulo. Pa boma la Dedza m'mwezi wa Juni, ikamakwana 6 koloko dzuwa lapita kale, chifunga chatsika m'phiri, ndipo aliyense amene ali ndi magetsi wayatsa zonse: mbaula yophikira nsima, ketulo, hita, wailesi yakanema. Zomwezo zikuchitika ku Ndirande, ku Kawale ndi ku Chibavi pa ola lomwelo. Magalasi a pa Golomoti ndi a ku Salima apuma. Pa nthawi yoteroyo makina amodzi a ku Nkula akangoti zii, woyang'anira ali ndi masekondi ochepa oti apeze mphamvu ina, apo ayi azimitse dera lina kuti apulumutse ena onse. Mphamvu imene amaifuna pamenepo iyenera kukhala inamangidwa kale, inakonzedwa kale, ndipo wina anailipirira kale.

Zili ngati mlonda wa pa golosale. Mwezi ukatha popanda mbala, mwini golosale sanena kuti poti sunagwire munthu sulandira kanthu. Malipiro ake ndi a kukhalapo. Koma mwini golosale wochenjera amadzukanso pakati pa usiku kukaona ngati mlondayo ali maso, amadziwa ngati ali ndi tochi ndi wezulo, ndipo amagwirizana naye pasadakhale chimene chidzachitike akadzapezeka atagona tsiku limene mbala zabwera. Malamulo onse olipira makina odikirira akuzungulira pamenepa.

Mmodzi mwa amene anayala maziko ake ndi Mfalansa wina, Marcel Boiteux, katswiri wa zachuma pa kampani ya magetsi ya EDF, amene pambuyo pake anadzaitsogolera. Mu 1949 iye analongosola kuti mtengo wa magetsi uli pawiri. Pali mtengo woyendetsera makina, monga mafuta ndi kukonza zimene zatha, umene umakwera malinga ndi mayunitsi opangidwa. Palinso mtengo wa kukhala ndi makinawo, monga ngongole yomangira, inshulansi ndi malipiro a antchito, umene sucheperako ngakhale makina atakhala chete mwezi wathunthu. Chaka chili ndi maola 8,760. Tiyerekeze jenereta imene imafunika maola 200 okha pa chaka. Mwini wake akamalipidwa pa yuniti, mwina ayike mtengo woboola thumba pa maola ochepawo, apo ayi agulitse jeneretayo. Njira yachitatu ndiyo kumulipira ndalama yokhazikika pa kilowati iliyonse imene walonjeza kuti idzapezeka, kenaka n'kumulipira payokha mayunitsi amene wapangadi. Kulekanitsa mitengo iwiriyi ndiko poyambira.

Kuno ku Malawi funsoli linali lobisika kwa nthawi yaitali, chifukwa ESCOM yokha ndiyo inkapanga, kutumiza ndi kugulitsa magetsi. Thumba linali limodzi. Lamulo la magetsi litasinthidwa mu 2016, EGENCO inayamba ntchito mu Januwale 2017 n'kutenga malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani, Kapichira ndi Wovwe. Kuyambira pamenepo, zimene kale zinkathera m'nyumba imodzi zinayenera kulembedwa pa pepala, bungwe la MERA n'kuvomereza. Boma linakhazikitsanso kampani ya Power Market Limited kuti ikhale wogula mmodzi wa magetsi onse, koma pambuyo pake linaithetsa, ntchitoyo n'kubwerera ku ESCOM. Ngakhale mkangano wa ngongole pakati pa ESCOM ndi EGENCO, umene unamveka kwambiri m'nyuzipepala, mbali ina unagona pa funso lomweli: kodi wogula alipire kukula kwa makina, kapena magetsi amene afikadi pa nthambo?

Luso loyamba la wolemba mgwirizano ndi kusakhulupirira chikwangwani. Makina alionse amabwera ndi nambala yolembedwa ndi amene anawapanga, koma nambalayo imanena za tsiku labwino, madzi ali tho, zitsulo zili zatsopano. Chakumapeto kwa 2017, madzi a m'nyanja ya Malawi atatsika ndipo Shire atachepa, makina a mamegawati pafupifupi 350 ankatulutsa mphamvu yosafika theka, ndipo madera ena ankatha tsiku lathunthu osaona magetsi. Nyengo ya mvula nayo ili ndi zake: namasupuni ndi zinyalala zimatseka polowera madzi, matope ochokera m'minda yokokoloka amadzaza madamu. Choncho mgwirizano wolembedwa bwino umalipira mphamvu imene ingapezekedi. Mwini makina amanena tsiku ndi tsiku kuchuluka kwa mamegawati amene ali okonzeka, ndipo wogula ali ndi ufulu womuyesa pomuuza kuti awayatse onse aone. Akalephera kufika pa nambala imene ananena, malipiro amatsikira pa nambala imene wakwanitsa.

Pamenepa pali mfundo yofunika dzanja lofatsa: kulephera kulipo kwamitundu iwiri. Makina akaima chifukwa mwini wake sanasinthe chitsulo chimene chinatha kalekale, mlandu ndi wake ndipo asalipidwe. Koma madzi akachepa mu Shire chifukwa mvula yavuta zaka ziwiri zotsatizana, mlandu ndi wa yani? Mukamuunjikira wopanga magetsi zonse, palibe banki imene idzamubwereke ndalama zomangira damu. Mukamuchotsera zonse, wogula azilipira mtengo wonse pamene ali mumdima. Mmisiri weniweni amagawa chiopsezo chilichonse kwa amene angathe kuchichepetsa, ndipo chimene palibe angachiletse amachilembera njira yake yogawana. Usiku wa pa 24 Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula mbali ya damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka pa nthambo nthawi imodzi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a m'madzi a dziko lino, ndipo sanabwerere mpaka 2023. Tsiku lotero likafika, ndime zimene anthu ankazidumpha powerenga mgwirizano ndi zimene zimalamula.

Luso lachiwiri ndi kumangirira malipiro pa ola la mavuto. Makina opezeka maola onse a m'mamawa koma osowa 6 koloko madzulo alibe ntchito kwa woyang'anira nthambo. A ku America anaphunzira zimenezi ndi chisanu. Msika wa PJM, umene umatumikira zigawo 13 za kum'mawa kwa dzikolo pamodzi ndi mzinda wa Washington, unayamba kulipira makina odikirira kudzera m'mpikisano mu 2007. Mu Januwale 2014 kutazizira koopsa, makina opitirira gawo limodzi mwa magawo asanu analephera kuyaka pa tsiku limene ankafunika kwambiri, chonsecho eni ake anali akulandira ndalama za kukhala okonzeka. Lamulo latsopano la mu 2015 linakonza zimenezi mwanzeru yogometsa. Amene walephera pa ola la ngozi amalipira chindapusa chachikulu, ndipo chindapusacho sichipita kwa boma: chimagawidwa kwa amene anapereka zoposa zimene analonjeza pa ola lomwelo. Waulesi amalipira wakhama. Chisanu china chitabwera mu Disembala 2022, zindapusa zoterezi zinaposa madola 1 biliyoni. Lamulo lotere limachititsa mwini makina kusunga mafuta ndi kukonza zitsulo popanda womuyang'anira, chifukwa thumba lake ndilo limamudzutsa.

Luso lachitatu likutibweretsa ku makontena a pa Golomoti, ndi maola awiri aja. Megawati ya batire ndi megawati ya jenereta ya dizilo sizifanana. Batire imayankha nthawi yomweyo, koma ikatha yatha. Jenereta za dizilo, monga za EGENCO za ku Mapanga, ku Kanengo ndi ku Luwinga, zimatenga mphindi zingapo kuti zidzuke, koma zimayenda malinga mafuta alipo. Makina a m'madzi amene akuzungulira kale osadzaza amatha kuwonjezera mphamvu mofulumira, bola madzi akhalepo. Wolemba lamulo ayenera kudziwa kuti akugula chiyani: liwiro kapena kupirira. Ku Britain anayamba ndi kuwerengera batire iliyonse ngati yodalirika pa 96 peresenti, posayang'ana kutalika kwa nthawi imene ingagwire ntchito. Anthu anathamangira kumanga mabatire a theka la ola, otsika mtengo, n'kumalandira malipiro onse. Chakumapeto kwa 2017 lamulo linasinthidwa: batire ya theka la ola inayamba kuwerengedwa pafupifupi 20 peresenti yokha, pamene ya maola anayi inasunga mlingo wake wakale. Nambala imodzi m'lamulo inasintha mtundu wa mabatire amene anthu amamanga.

Amene anakonza za Golomoti anayeza batire yawo molingana ndi ntchito yake. Kwa zaka zambiri nthambo za Malawi zakhala zili pazokha, zosalumikizidwa ku nthambo zazikulu za mayiko oyandikana nawo, ndipo mphamvu zathu zonse ndi mamegawati mazana ochepa. Pa nthambo zazing'ono chonchi, mtambo umodzi wodutsa pamwamba pa magalasi a mamegawati 60 a ku Salima umamveka mpaka ku Blantyre. M'miyezi ya mvula mitambo imatsika m'mapiri a Dedza mosayembekezereka, ndipo magalasi amene amatulutsa mphamvu yonse angatsike kwambiri m'mphindi imodzi. Batire imatseka mpata umenewo, kuti kutsikako kukhale kwapang'onopang'ono ndipo makina a m'madzi apeze nthawi yoti akwere. Imathandiza kusunga kugunda kwa 50 kuja, ndipo dzuwa likalowa imatha kupereka zimene yasunga pa nthawi imene anthu akuphika. Siingalowe m'malo mwa Kapichira, ndipo palibe anailonjeza zimenezo. Kukongola kwake kuli pa kudziwa malire ake. Mabatire a mamegawati 20 amene ESCOM inayamba kumanga ku Kanengo chakumapeto kwa 2024 ndi a ntchito ya mtundu womwewo, koma othandiza nthambo za dziko lonse.

Luso lachinayi ndi kudziwa kuchuluka koyenera kugula, ndi kupeza mtengo wake popanda kunamizidwa. Kugula zochepa ndi mdima. Kugula zambiri ndi kulipira makina amene sadzayaka mpaka adzachite dzimbiri. Mayiko amayamba ndi kugwirizana mlingo wa mdima umene angaupirire. Britain inasankha maola atatu pa chaka. Ku America ambiri amatsata mlingo wa tsiku limodzi pa zaka 10. Kuchokera pa mlingo umenewo amawerengera mamegawati ofunika, kenaka amaitanitsa okushoni yoyenda chotsika. Woyendetsa amayamba ndi mtengo wokwera, pamene aliyense akufuna kugulitsa, ndipo amautsitsa pang'onopang'ono. Amene mtengo wamuchepera amatuluka. Otsala akangokwanira mamegawati ofunika, okushoni imaima, ndipo onse amalandira mtengo wa pamenepo. Okushoni yoyamba ya ku Britain, mu Disembala 2014, inaima pa mapaundi 19.40 pa kilowati pa chaka, ndipo inali yogulira mphamvu yodzafunika patatha zaka zinayi, kuti wopambana akhale ndi nthawi yomanga. Palibe mkulu wa boma amene anakhala pansi n'kulota mtengowo. Eni makina anaulula okha pamene anatulukira.

Si onse amene amavomereza njira imeneyi. Ku Texas anasankha kusalipira kukhala okonzeka, poganiza kuti mitengo ikamaloledwa kukwera kwambiri pa nthawi ya kusowa, anthu adzamanga makina okha pofuna phindu la maola amenewo. Mu Febuluwale 2021 chisanu chinaumitsa mapaipi a gasi ndi makina, mtengo unakhala pa madola 9,000 pa mayunitsi 1,000 kwa masiku angapo, mamiliyoni a anthu anakhala opanda magetsi, ndipo anthu oposa 200 anamwalira. Mtengo wokwera sudzutsa makina amene aundana kale. Ifenso tili ndi phunziro lathu la kugula mochedwa. Mdima wa 2017 utafika povuta, dziko linabwereka majenereta a dizilo a mamegawati 78 ku kampani ya Aggreko, ndipo anakhala kuno kuyambira 2018 mpaka Epulo 2022. Anathandiza, koma magetsi a dizilo ndi okwera mtengo kwambiri poyerekeza ndi a m'madzi, ndipo wogula wofika pamsika nyumba ili kale mumdima sanenerera. Walira mvula walira matope.

Chotsala ndi funso la amene alipire. Apa napo nzeru za Boiteux zikugwirabe ntchito: amene amachititsa kuti makina odikirira afunike ndiye asenze gawo lalikulu. N'chifukwa chake mafakitale akuluakulu salipira ESCOM mayunitsi okha. Mita yawo imasunga mphamvu yaikulu kwambiri imene anakoka nthawi imodzi m'mwezimo, ndipo amalipira pa kVA iliyonse ya nsonga imeneyo. Mayunitsi awo amakweranso mtengo pa maola otanganidwa n'kutsika pa maola ena. Mwini fakitale amene wasamutsira ntchito yolemera ku maola a usiku amapulumutsa ndalama zake, komanso amachepetsa makina amene dziko likanamanga. Kusagwiritsa ntchito magetsi pa ola loyenera nakonso ndi mphamvu yosungidwa, ndipo m'misika ya ku Britain ndi ya PJM mafakitale olonjeza kuzimitsa makina awo akapemphedwa amapikisana nawo pa okushoni yomweyo.

Komabe lonjezo la malipiro ndi lopanda pake ngati wolonjeza sadzalipira pa nthawi yake. Amene amaika ndalama zawo pa makina odzabweza phindu m'zaka 20 amayamba afunsa za thumba la wogula. Pa Golomoti ndi pa Salima, bungwe la African Trade Insurance Agency linaika chikole choti ESCOM ikachedwa kulipira, kampani yopanga magetsi isaime. Ndime imeneyi siioneka pa chithunzi cha tsiku lotsegulira, koma imathandiza kutsitsa mtengo, chifukwa wobwereketsa amene mtima wake uli m'malo safuna chiwongoladzanja chokwera.

Zonsezi zikufunika kwambiri tsopano kuposa kale. Nthambo ya 400 kV yochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kufika ku Phombeya m'boma la Balaka cholinga chake n'kulumikiza Malawi ku Southern African Power Pool, msika wa magetsi wa mayiko a kum'mwera kwa Africa umene unakhazikitsidwa mu 1995. M'msika umenewo membala aliyense amayenera kusunga gawo lake la mphamvu yodikirira, ndipo magetsi olonjezedwa kuti sadzadulidwa amagulidwa mosiyana ndi ongotsala. Damu la Mpatamanga, la mamegawati opitirira 350, limene EDF yomwe ija ili m'gulu la olimanga, linakonzedwa kuti lizisunga madzi n'kuwamasula pa maola otanganidwa. Phindu lake lalikulu ndi kupezeka pa nthawi yake, ndipo malipiro ake adzayenera kulembedwa ndi dzanja lodziwa.

Ndalama zonsezi pamapeto pake zimachokera m'mayunitsi a munthu wowotcherera zitsulo pa Lizulu, a mwini chigayo ku Linthipe, ndi m'misonkho ya mlimi wa mbatatesi ku Bembeke amene mwina nyumba yake ilibe ndi babu yomwe. N'chifukwa chake MERA ikaitanitsa maganizo a anthu pa mitengo yatsopano, sikokwanira kungokana kukwera kwa yuniti. Ofika pa misonkhano imeneyo azifunsa mamegawati angati akulipiridwa kuti adikire, anayesedwa liti, angapirire maola angati, ndipo amene analephera pa ola la mavuto analipira zingati. Mgwirizano wolembedwa mwaluso umayankha mafunso anayi onsewa ndi manambala.